Za Mawochi Olowa Nao Pansi pa Madzi

M'masitolo a m'tauni, ndi pa mikono ya anthu ena mumseu, pamaoneka wochi ya mtundu wina imene munthu angathe kuizindikira akali patali. Iri yonenepa ndi yolemera kupambana zinzace. Nkhope yace kawiri-kawiri ikhala yakuda, mibvi yace ndi yaikulu yopakidwa mankhwala owala mumdima, ndipo kuzungulira galasi kuli mkombero wa manambala umene utembenuka ndi zala, nulira kuti kha-kha-kha. Ambiri a mawochi amenewa alibe batire, ndiponso safuna kuti mwini wace aziwapukusa m'mawa. Adzipukusa okha pamene mkono uli kuyenda. Anawapangira anthu ogwira nchito pansi pa nyanja, koma unyinji wa iwo amene awabvala lero sanalowepo m'madzi opitirira m'khosi. Wina ali nayo imodzi, wina ali nao asanu, wina bokosi lodzala. Kodi munthu wodikira malipiro a pa mwezi, akatulutsa ndalama zace pa wochi yotere, cimene wagula nciani makamaka?

Kuti funso limeneli liyankhike, nkofunika kuyamba ndi nchito imene inabala wochiyi. Anthu a pa migodi angathe kuimva msanga kupambana ena, pakuti naonso adziwa za kutsika pansi. Koma pali kusiyana kwakukulu. Matauni a ku Copperbelt ali pafupi-fupi mamita 1,200 pamwamba pa nyanja ya mcere, kotero kuti munthu amene watsika ndi cikepe mamita 1,000 akali asanafike pa msinkhu wa nyanjayo. Makutu ace atseka pang'ono, ameza malobvu, ndipo zatha. M'madzi simutero ai. Madzi a m'cidebe cimodzi alemera ngati mpweya wa m'zidebe 800. Munthu akatsika mamita 10 okha, kupsinja kwa pa thupi lace kwawirikiza kawiri. Pa mamita 20 katatu. Pa mamita 30 kanai. Pa mamita 200, kamalo kali konse ka pa wochi kolingana ndi cikhadabo ca cala kasenza makilogalamu 20, ndipo madzi afuna-funa polowera ngakhale pang'ono ngati tsitsi.

Komabe coopsa cacikulu kwa munthu si kupsinjako, koma nthawi. Mu mpweya umene anthu apuma, zigawo zinai mwa zisanu ndi za mpweya wina wochedwa nitrogen, umene thupi silicita nao kanthu. Munthu akapuma ali pansi pa madzi, mpweya umenewu usungunuka m'mwazi ndi m'mnofu, ndipo akakhalitsa usungunukamo wambiri. Tsono akakwera mofulumira ucita monga cakumwa ca m'botolo cimene acitsegula mwadzidzidzi: ufufuma thobvu. Thobvu la m'mwazi lipweteka m'mfundo za mafupa, lipuwalitsa miyendo, ndipo nthawi zina lipha. Amene anakonza njira yopewera zimenezi ndiye John Scott Haldane, dokotala wa ku Scotland, yemweyo amene anafufuza ngozi za m'migodi ya malasha ku Britain, nalangiza kuti otsika pansi azitenga mbewa kapena timbalame kuti tiwacenjeze za mpweya woipa. M'caka ca 1908 iye ndi anzace anatulutsa mndandanda wosonyeza maminiti amene munthu angakhale pa kuya kwakuti-kwakuti, ndi malo amene ayenera kuima pokwera. Mindandanda ya masiku ano ilola pafupi-fupi ola limodzi pa mamita 18, koma pa mamita 30 ilola maminiti 20 kapena 25 cabe. Wopitirira pamenepo nakwera osaima angathe kubwerera kwao pa macira.

Kale, pamene olowa pansi pa madzi anali kubvala cisoti colemera ca mkuwa, ndi kupuma mpweya wowapopera ndi paipi kucokera m'bwato, nthawi anali kuwawerengera anzao a pamwamba, nawakokera cingwe ikakwana. Zinthu zinasintha m'caka ca 1943, pamene Afalansa awiri, Jacques-Yves Cousteau ndi Émile Gagnan, anapanga cipangizo cakuti munthu azibereka botolo la mpweya kumsana, nasambira kumene afuna wopanda cingwe. Munthu wotero anayenera kudziwerengera nthawi yekha. M'caka ca 1953 kampani ya Blancpain ku Switzerland, mogwirizana ndi akulu awiri a gulu la asilikali osambira a ku France, Robert Maloubier ndi Claude Riffaud, inapanga wochi yochedwa Fifty Fathoms, yokhoza kutsika mamita 91. Pa nyengo yomweyo kampani ya Rolex inapanga Submariner, ya mamita 100, niionetsa kwa anthu m'1954. Maonekedwe a mawochi awiriwa ndiwo amene ena onse atsata kufikira lero.

Mkombero uja suli cokometsera ai. Uli ndi cizindikiro cimodzi cowala, ndi manambala a maminiti a ola limodzi. Munthu asanalowe m'madzi autembenuza kuti cizindikiroco cilunjike pa mubvi wautali. Akatero safunanso kukumbuka nthawi imene analowera, kapena kuwerengera m'mutu. Angoyang'ana pamene mubvi wafika pa mkombero, naona kuti papita maminiti 15 kapena 25. Pa mawochi oyamba mkombero unali kutembenuka uku ndi uku, koma pambuyo pace opanga anaukonza kuti uzipita mbali imodzi yokha, mosemphana ndi mibvi. Nzeru yace ndi iyi: ukagunda pa mwala nusuntha, udzasonyeza kuti papita nthawi yambiri kuposa yeni-yeni, ndipo munthuyo adzakwera msanga m'malo mwa kukhalitsa. Kumtunda mkombero womwewo uwerenga maminiti a mphika pa moto kapena a kupumula pa nchito, ndipo mwa zonse za pa wochiyi ndiwo umene uthandiza munthu wamba tsiku ndi tsiku.

Nanga kudzipukusa kokha kunalowamo bwanji? Wochi iri ndi makomo atatu amene madzi angalowerepo: galasi, cibvundikiro ca kumbuyo, ndi kamutu ka pambali kopukusira. Awiri oyambawo akhala cotsekera zaka zambiri, koma kamutu kakhudzidwa m'mawa uli wonse, ndipo mphira wace atha msanga. John Harwood, mmisiri wa mawochi wa ku England, anaona kuti pfumbi ndi cinyezi zilowera pamenepo, ndipo m'1923 analembetsa ku boma wochi ya pa mkono yodzipukusa yokha, yopanda kamutu konse. Kampani yace inagwa m'1931, koma caka comweco Rolex inatulutsa njira imene iri ponse-ponse lero. Kuseri kwa makina kuli citsulo colemera cooneka ngati mwezi wa theka, cochedwa rotor, comangidwa pakati kuti cizizungulira momasuka. Mkono ukasuntha, citsuloco cigwera kunsi cifukwa ca kulemera kwace, ndipo kuzungulira kwace kukunga sipuling'i yaitali yokulungidwa m'kabokosi. Sipuling'iyo pomasuka iyendetsa magudumu a mano. Kuti isamasuke nthawi imodzi, pali kagudumu kena kopepuka, kokhala ndi sipuling'i yace-yace yopyapyala ngati tsitsi, kamene kapita uku ndi kubwerera uku kosaleka, ndipo kugunda kwace kuli konse kulola magudumu kusuntha pang'ono. M'mawochi ochipa a ku Japan kagudumuka kagunda ka 21,600 pa ola, ndiko kuti kasanu ndi kamodzi pa sekondi imodzi. Ndiko kulira kumene munthu amva akaika wochi ku khutu.

Wogulitsa wina angathe kuloza mau akuti 21 jewels nanena kuti m'katimo muli miyala ya mtengo wapatali. Timiyala tofiira tirimodi, koma ndi topanga m'fakitale, ta mtengo wocepa. Nchito yace ndiyo kugwira nsonga za magudumu kuti zisaperepeseke. Ndiponso sipuling'i yodzala isunga mphamvu ya maola 40 kapena kuposerapo pang'ono. Amene abvula wochi yace Lacisanu madzulo naiika m'kabati adzaipeza itaima Lolemba m'mawa. Siinafe ai. Aigwedeze pang'ono, akonze nthawi, aibvale.

Mawochi oyamba aja anali zida za nchito, koma m'kupita kwa zaka maina ao anasanduka cizindikiro ca cuma. M'caka ca 2024 Submariner yatsopano inali kugulidwa ndi madola a ku America oposa 9,000. Amene anatsegulira njira munthu wa ndalama zocepa ndiwo a ku Japan makamaka. Kampani ya Seiko inapanga wochi yace yoyamba ya pansi pa madzi m'1965, ya mamita 150, ndipo kuyambira m'1966 anthu a ku Japan okafufuza dziko la cisanu la Antarctica anapita nayo. Yochuka koposa pakati pa zochipa ndiyo SKX007, imene inatuluka m'1996. Makina ace, ochedwa 7S26, anali osabvuta konse. Sanalole kupukusa ndi zala, ndipo mubvi wa masekondi sunali kuima pokonza nthawi. Koma anali olimba, ndipo ambiri anayenda zaka khumi osatsegulidwa. Wochiyi inali ya mamita 200, niigulidwa ndi madola pafupi-fupi 200 kufikira pamene analeka kuipanga m'2019. Mtengo wa Submariner imodzi ukadagula zoterezi 40. Inde ya Rolex iri yosalala bwino, isunga nthawi bwino, ndipo citsulo cace ndi cabwino koposa. Koma pa mamita 30, pamene anthu ambiri alekeza, madzi alephera kulowa mu zonse ziwiri cimodzi-modzi. Makampani a Orient ndi Citizen, a ku Japan komweko, apanganso mawochi a mtundu umenewu pa mitengo yosasiyana kweni-kweni.

A ku Russia anatsata njira ina imene iyenera kuyamikidwa, pakuti inali nzeru ya anthu osowa zipangizo. M'tauni ya Chistopol, pa mtsinje wa Kama, muli fakitale ya Vostok, imene inayamba pamene makina a mawochi anasamutsidwa ku Moscow pa nthawi ya nkhondo m'1941. M'caka ca 1967 amisiri ace awiri, Mikhail Novikov ndi Vera Belova, anapanga wochi yochedwa Amphibia, ya mamita 200. Popeza sanathe kusula zitsulo zolumikizana bwino lomwe monga a ku Switzerland, anati madzi omwewo ndiwo atseke makomo. Galasi lace ndi la pulasitiki yokhuthala, limene likapsinjika lifutukuka m'mbali ndi kukanikiza mphira wace. Cibvundikiro ca kumbuyo sicizungulira. Cikhala pa mphira wamkulu wotambalala, nicigwidwa ndi mphete ya mazinga, kotero kuti potseka mphira sang'ambika, ndipo wochi ikatsika madzi acikankhira m'kati nicitseka koposa. Kamutu kace kakamasulidwa kagwedera ngati kothyoka, ndipo ogula ambiri aopa kuti awanyenga. Koma anacita dala, kuti kakagunda pa cinthu kasapinde citsulo colowa m'makina. Zoyamba zinali zopukusa ndi zala, zodzipukusa zinadza pambuyo. Kwa zaka zambiri Amphibia inali kugulidwa ndi madola osafika 100. Zofoka zace ziripo: mkombero wace upita mbali zonse ziwiri wosalira, mankhwala ace owala sacedwa kuzima, ndipo pa kusunga nthawi siiri yodalirika kwambiri.

Masiku ano mitundu yaculuka cifukwa ca cinthu cimodzi. A Seiko agulitsa makina ao ochedwa NH35 kwa ali yense wofuna, ndipo a Citizen acita cimodzi-modzi ndi makina a Miyota. Tsono makampani ang'ono-ang'ono ambiri, a ku China ndi maiko ena, asula thupi la wochi naikamo makina amenewa. Ena apanga maonekedwe ao-ao. Ena atengera maonekedwe a Submariner koma alembapo dzina lao. Amenewa sanama, ngakhale munthu angawaseke kuti abvala malaya obwereka. Koma wochi yolembedwa Rolex imene igulitsidwa pa mseu ndi mtengo wa nsapato iri yabodza, ndipo wonama pa dzina adzanamanso pa makina ndi pa mphira.

Pali zinthu zimene wochi yodzipukusa siingapatse mwini wace, ndipo nkwabwino kuzidziwa ndalama zisanatuluke. Coyamba ndico kusunga nthawi kolongosoka. Pa 25 December 1969 a Seiko omwewo anatulutsa Astron, wochi yoyamba ya pa mkono yoyendera batire ndi kamwala ka quartz, ndipo m'zaka zocepa mawochi a batire anadzaza dziko lonse. Ku Switzerland anchito a mawochi anali pafupi-fupi 90,000 m'1970, koma pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 anatsala ngati 30,000. Cifukwa cace ncoonekeratu. Wochi ya batire yochipa ilakwa masekondi 15 kapena 20 pa mwezi wathunthu, pamene opanga NH35 anena okha kuti makina ao angatsalire masekondi 20 kapena kuthamanga masekondi 40 pa tsiku limodzi. Ambiri acita bwino kuposa pamenepo, komabe mwini wace ayenera kukonza nthawi kamodzi pa mlungu. Ngakhale olowa pansi pa madzi sadaliranso wochi monga kale, pakuti kuyambira m'zaka za m'ma 1980 abvala kompyuta yaing'ono pa mkono, imene iwerenga kuya ndi nthawi pamodzi. Munthu amene angofuna kudziwa nthawi yoyambira nchito agule ya batire, kapena ayang'ane pa foni yace, nasunge ndalama zotsala.

Cimene wochi yodzipukusa ipatsa ndico thupi lotseka ndi makina okhoza kukonzeka. Siifuna kutsegulidwa zaka ziwiri ziri zonse kuti aikemo batire, ndipo pa wochi ya m'madzi kutsegula kuli konse ndi ngozi. Ikadwala, mmisiri angathe kuimasula gudumu ndi gudumu, kutsuka, kuthira mafuta ndi kubwezera. Kapena angacotse makina onse naikamo atsopano, popeza a NH35 ali ochipa ndi opezeka. Wochi yopangidwa kuti ikane madzi pa mamita 200 ikana thukuta, mvula ya m'dzinja, pfumbi la m'cilimwe ndi madzi odontha m'mgodi wopanda bvuto.

Koma manambala olembedwa pa nkhope asoceretsa anthu ambiri. Wochi yolembedwa Water Resistant 30 m siiri yotsika nayo mamita 30. Ingopirira madontho a mvula ndi kusamba m'manja. Ya 50 m munthu angasambire nayo pamwamba mosamala, ya 100 m asambira nayo mosaopa. Mau olemera koposa ndiwo akuti Diver's 200 m, pakuti wopanga aloledwa kuwalemba pokha-pokha ngati watsata muyezo wa maiko onse wochedwa ISO 6425. Muyezowo ufuna kuti wochi iri yonse, imodzi-imodzi, iyesedwe m'madzi ndi kupsinja koposa kolembedwako ndi gawo limodzi mwa anai, ndiko kuti ya mamita 200 aiyesa ngati iri pa mamita 250. Ufunanso kuti nthawi iwerengeke mumdima pa mtunda wa masentimita 25, ndi kuti wochi ipirire madzi a mcere, kugunda ndi maginito. SKX007 inali nao mau amenewa. Mawochi ena ofanana nayo maonekedwe alibe, ndipo ena mwa iwo kamutu kao sikamangika ndi mazinga konse.

Mphamvu yonseyi itsamira pa timphete titatu kapena tinai ta mphira, ndipo mphira akalamba. Auma, asweka, ataya mphamvu, ngakhale wochi igone m'bokosi. Sopo ndi madzi otentha zimfulumiza kukalamba. Mafuta a m'makina naonso auma. Opanga ena ati wochi ipite kwa mmisiri zaka zitatu ziri zonse, ena ati zisanu. Cacikulu ncakuti ikatsegulidwa aikemo mphira watsopano, naiyese m'cipangizo coyesera kupsinja. Mmisiri amene alibe cipangizoco angakonze makina bwino, koma sangalonjeze za madzi, ndipo nkwabwino kumfunsa poyamba. Mawochi ambiri amene amwa madzi amwera pa kamutu kamene mwini wace anaiwala kumanga atakonza nthawi. Nkhungu ikaoneka kunsi kwa galasi niikhalitsa, wochi ipite kwa mmisiri msanga, pakuti dzimbiri siliyembekeza malipiro a mwezi wa mawa.

Wa pa mgodi akumbukirenso adani awiri amene madzi alibe. Makina oboolera mwala anjenjemeretsa mkono koposa cimene kagudumu kopepuka kaja kangapirire nthawi yaitali. Ndiponso pafupi ndi mamota akulu a magetsi pali maginito, amene amamatiza sipuling'i yopyapyala ija, kotero kuti wochi iyamba kuthamanga maminiti angapo pa tsiku. Bvuto limeneli mmisiri alicotsa m'kanthawi kocepa osatsegula wochi. Ndipo kumene malamulo a nchito aletsa kubvala kanthu pa mkono pafupi ndi makina ozungulira, wochi itsale pamodzi ndi zobvala za kumtunda, pakuti lamba wa citsulo akakoledwa sadukatu msanga.

Tsono za iwo amene saleka pa imodzi. Kusonkhanitsa mawochi amenewa kwafala cifukwa ali a mitundu-mitundu koma pa mtengo umene munthu wa nchito angafikire. Ogula okha ndiwo anapatsa ma Seiko maina a cipongwe amene akhazikika: Turtle cifukwa thupi lace linga la kamba, Monster cifukwa ca mkombero wa mano-mano, Tuna cifukwa inga citini ca nsomba. Ena akopeka ndi mbiri. Naomi Uemura wa ku Japan anayenda yekha ndi agalu okoka katundu pa madzi oundana kucokera ku Greenland kufika ku Alaska, makilomita oposa 12,000, kuyambira m'1974 kufikira m'1976, atabvala Seiko ya pansi pa madzi ya mtundu wa 6105. A Citizen asimba za wochi yao ya m'1977 imene inatoledwa pa gombe ku Australia m'1983 itakutidwa ndi tinkhono ta m'nyanja, koma iri kuyendabe. Ena akondwera kusintha mibvi, mkombero ndi galasi kuti wochi yao isafanane ndi ya wina ali yense. M'zimenezi mulibe coipa. Ndi cisangalalo ca munthu wokonda makina, monga wina akonda njinga kapena nkhunda.

Cosoceretsa ndico kuyesa kuti bokosi la mawochi ndi khola la ng'ombe. Ng'ombe iswana, wochi yochipa ikatuluka m'sitolo mtengo wace watsika kale. Nzoona kuti SKX007 inakwera mtengo ataleka kuipanga, koma zotere ziri zowerengeka, ndipo palibe adziwiratu kuti idzakwera ndi iti. Mawochi khumi ali ndi mphira khumi wokalamba ndi mafuta khumi ouma, ndipo kukonzetsa imodzi nthawi zina kudya ndalama zolingana ndi mtengo wace. Mkono wobvala ndi umodzi, cotero asanu ndi anai aja akhala ciimire, ndipo tsiku lobvala iri yonse mwini wace ayamba wakonza nthawi ndi tsiku la mwezi. Pamenepo pali msampha wina: asasinthe tsiku pamene mibvi iri pakati pa 9 koloko usiku ndi 4 koloko m'mawa, pakuti pa maola amenewo mano osinthira tsiku alumana kale, ndipo angathyoke. Osonkhanitsa ocenjera asunga awiri kapena atatu osiyanadi, nagulitsa imodzi asanagule ina. Amene atenga ngongole ya kaloba kuti agule wochi yacinai adzalipira ciongola dzanja pa cinthu cogona m'bokosi.

Mawochi akale ali ndi mabvuto ao-ao. Pa msika pali ambiri olumikiza: thupi la wochi ina, makina a ina, ndi nkhope yatsopano yopentedwa dzulo. Wochi ya zaka 40 ya nkhope yowala ngati yatsopano iyenera kukaikitsa wogula. Palinso nkhani ya mankhwala owala. Kufikira m'zaka za m'ma 1960 opanga anali kugwiritsa nchito radium, imene yambiri ya m'zaka za m'ma 1920 inacokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga. Radium inadwalitsa ndi kupha akazi ambiri opaka mibvi m'mafakitale a ku America, amene anali kusongola burashi ndi milomo. Utoto wace uleka kuwala patapita zaka, koma ululu wace sutha, pakuti pafunika zaka 1,600 kuti mphamvu ya radium icepe ndi theka. Wochi yotere munthu asaitsegule m'nyumba, kuopa kupuma pfumbi lace. Pambuyo pa radium panadza tritium, imene mphamvu yace icepa ndi theka m'zaka 12, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990 mankhwala ambiri ali opanda ululu wotere; angomwa kuwala kwa dzuwa kapena kwa nyale, nakubweza mumdima.

Wogula wochi imene wina anabvalapo aigwire m'manja asanalipire. Atembenuze mkombero, amve ngati ulira bwino, naone ngati cizindikiro cibwerera pa 12 peni-peni. Amasule kamutu ndi kukamanganso kawiri kapena katatu. Mazinga akamveka ngati muli mcenga, kapena akagwira ndi kupota kumodzi kokha, atha. Aigwedeze pafupi ndi khutu: citsulo colemera cija ciyenera kuzungulira mosakhula pa cibvundikiro. Ayang'ane m'mphepete mwa nkhope ndi pa mibvi ngati pali madontho a dzimbiri, naone kumbuyo ngati pali zipsera za mpeni kapena sizasi, zimene zisonyeza kuti anaitsegula munthu wopanda zida. Wogulitsa akalola, ailinganize ndi nthawi ya pa wailesi, naione mawa pa ola lomwelo. Ndipo ngakhale zonsezi zikhale bwino, ngakhale pa nkhope palembedwe mamita 200, asalowe nayo m'madzi kufikira mmisiri ataikamo mphira watsopano ndi kuiyesa.